Ufa Wotsika Mtengo Unafika kwa Yani?

M'Marapodi, kumpoto kwa mzinda wa Lusaka, mulibe minda ya cimanga. Nsima ya m'menemo icokera kusitolo, ndipo mtengo wa thumba la ufa ndiwo unena ngati ana adya kapena agona ndi njala. Cifukwa cace Boma la Kaunda linalipirako gawo la mtengowo zaka zambiri, ndi ndalama za mkuwa.

Mkuwa utagwa mtengo mu 1975, katunduyo anayamba kulemera. Mu December 1986 Boma linacotsa thandizo lace pa ufa woyera wa breakfast, nilisiya pa roller, ufa wa osauka. Pakumva cabe cinali cilungamo: wolemera adzigulire yekha. Koma eni zigayo, posadziwa kuti Boma lidzawabwezera liti ndalama zao, analeka kugaya roller. Tsono wosauka anapeza m'sitolo muli ufa womwewo umene mtengo wace unakwera koposa kawiri. Ku Kitwe ndi ku Ndola kunabuka cipolowe, anthu 15 nafa. Boma linabweza mau, nilanda zigayo zazikulu.

Mu 1989 anayesa makuponi, timapepala togulira ufa pa mtengo wotsika. Apa ndipo tsankho linaonekera. Makuponi anali a m'matauni okha. Munthu wa pamgodi anali ndi dzina m'buku la kampani, koma mai wogulitsa makala m'Marapodi, wopanda bwana womlembera, anavutika kuti awerengedwe, ngakhale njala yace inali yoposa.

Nanga akumidzi? Mlimi wa ku Katete, mwini wace wa cimangaco, sanalandire kuponi. Iye anapindulako pena, pakuti NAMBOARD inagula cimanga pa mtengo umodzi dziko lonse, kutali ndi njanji kapena pafupi. Koma wa ku Luapula, wodya nsima ya cinangwa cace, anali ngati mlendo pa phwando limene analipirako.

Mu June 1990 mtengo unakweranso kawiri, ndipo ulendo uno moto unayaka m'Lusaka momwe. Anafa anthu oposa 20. Boma la Chiluba litalowa mu 1991, makuponi ndi thandizo lonse zinatha. M'makomboni ambiri analeka kugula thumba, nayamba kugula timapaketi ta tsiku limodzi, timene acha pamela.