Tisanaulutse luso la mmisiri, tiyambe tamufunsa

Mawu amene mlembi wa komiti anayankhula pa msonkhano wa makalabu a omvera wailesi ku Mualadzi

 

Komiti yandipempha kuti ndiyankhulepo pa nkhani ya patenti. Chifukwa chake n'chakuti makalabu angapo apempha kuti tiyambe pologalamu yoonetsa amisiri a kwathu kuno: owotcherera zitsulo, osula, okonza njinga, okhoma ngolo, opanga majeke odindira fodya ndi makina oswera mtedza. Ganizoli ndi labwino, inenso ndagwirizana nalo. Koma pali chinthu chimodzi choti tidziwe tisananyamule rekoda. Mmisiri akafotokoza pa wailesi mmene makina ake atsopano amagwirira ntchito, akhoza kutaya mwayi woti lamulo limuzindikire ngati mwini wake wa lusolo. Ife tidzati tikumuthandiza kutchuka, chonsecho tamutsekera khomo. Ndiye tiyeni tiimvetse bwino nkhaniyi.

Patenti ndi chikalata chimene boma limapereka kwa munthu amene watulukira chinthu chatsopano, kaya ndi makina, kaya ndi njira yatsopano yopangira zinthu. Kwenikweni ndi pangano. Inu mumaliuza boma zonse za makina anuwo, osabisa kanthu, mpaka mmisiri wina atawerenga akhoza kuwapanga. Boma nalo limakupatsani zaka 20, kuwerengera kuyambira tsiku limene munapereka pempho lanu, zoti wina asapange chinthucho, asachigulitse, asachilowetsenso m'dziko popanda chilolezo chanu. Zaka 20 zikatha, lusolo limakhala la aliyense.

Kuno ku Mozambique ofesi yoona za nkhanizi ndi Instituto da Propriedade Industrial, imene timangoti IPI. Inakhazikitsidwa mu 2003 ndipo likulu lake lili ku Maputo. Lamulo lake ndi Código da Propriedade Industrial, la mu Decreto 47/2015, limene linayamba kugwira ntchito mu 2016.

Tsono si chilichonse chimene chingalandire patenti. Pali mayeso atatu.

Oyamba: chinthucho chikhale chatsopano. Osati chatsopano ku Mualadzi kokha, kapena ku Tete kokha, ayi. Chatsopano pa dziko lonse lapansi. Ambiri a inu munamva za William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu ku Malawi. Mu 2002, ali ndi zaka 14, njala itamusiyitsa sukulu, mnyamatayu anamanga makina opanga magetsi ndi mphepo. Anagwiritsa ntchito dayinamo ya njinga, chopemerera cha thirakitala, mapaipi apulasitiki ndi mitengo ya bulugamu. Luso lake n'losakayikitsa, ndipo dziko lonse linamulemekeza: buku la mbiri yake linatuluka mu 2009, filimu mu 2019. Koma nzeru yoti mphepo ikhoza kupanga magetsi inalipo kale. James Blyth anamanga makina otere ku Scotland mu 1887, ndipo Kamkwamba mwini wake amanena kuti anaona chithunzi chake m'buku la m'laibulale. Ndiye mwaona, munthu akhoza kukhala katswiri weniweni koma chinthu chake osakhala cha patenti. Zimenezi sizichepetsa ulemu wake ngakhale pang'ono.

Achiwiri: chikhale ndi nzeru imene mmisiri wina wodziwa ntchitoyo sakanangoiganiza mosavuta. Kukulitsa ngolo kapena kusintha utoto wa jeke si kutulukira.

Achitatu: chikhale chotheka kupangidwa ndi kugwiritsidwa ntchito mobwerezabwereza. Ganizo lokha la m'mutu, lopanda kufotokoza mmene chinthucho chipangidwire, silikwana.

Wina anena kuti, ndiye ife a kumudzi tayiwalika. Ayi. Lamulo lathu lili ndi khomo lina laling'ono lotchedwa modelo de utilidade. Limeneli ndi la munthu amene wasintha chida chimene chilipo kale kuti chizigwira ntchito bwino koposa. Tiyerekeze kuti mmisiri wapeza njira yoti sefa ya makina oswera mtedza izisinthidwa malingana ndi kukula kwa mtedzawo, kuti wambiri usamaphwanyike. Kapena wakonza buleki ya ngolo yogwira yokha ng'ombe zikafika pamtsetse. Ngati zimenezi sizinaonekepo kwina, khomo lake likhoza kukhala limeneli. Chitetezo chake ndi cha zaka 15, ndipo mayeso ake ndi opepukirapo kusiyana ndi a patenti. Koma nakonso kumafunika kuti chinthucho chikhale chatsopano.

Apa m'pamene nkhaniyi ikutikhudza ife a makalabu. Pamaso pa lamulo, chinthu chimasiya kukhala chatsopano chikangodziwika kwa anthu pempho lisanaperekedwe. Zilibe kanthu kuti chadziwika bwanji: m'buku, m'nyuzipepala, pamsika, pa Facebook, pa WhatsApp, kapena pa wailesi. Zilibenso kanthu kuti waulula ndi mwini wake yemwe. Malamulo a mayiko ena amapereka kampata ka miyezi yowerengeka pa zifukwa zina, koma kampatako kamasiyana dziko ndi dziko, ndipo si kodalira. Chinanso, anthu awiri akabwera ndi chinthu chimodzimodzi, amene amapatsidwa ndi amene anayamba kupereka pempho, osati amene anayamba kuganiza. Mawu a pa wailesi sayang'ana malire. Amene angamvere ali ku tsidya la Zambia kapena la Malawi, ife sitimudziwa. Paja akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Luso limene mwalilengeza musanalilembetse lili pachala.

Nanga pempho la patenti limakhala lotani? Ku IPI limalembedwa m'Chipwitikizi, ndipo lili ndi zigawo izi. Pali fomu ya dzina la wopempha ndi la wotulukira. Pali kufotokoza kwa makinawo: vuto limene akuthetsa, mmene anthu ankachitira kale, ndi mmene atsopanowa amagwirira ntchito. Pali zojambula, chitsulo chilichonse ndi nambala yake. Pali chidule cha zonse. Ndiye pali gawo lofunika koposa, limene pa Chipwitikizi amati reivindicações, pamene mumatchula chenicheni chimene mukuti ndi chanu. Gawo limeneli lili ngati malire a munda pa chikalata cha DUAT. Mukaika malire opapatiza, mnzanu adzangosintha bauti imodzi n'kumalima pafupi ndi inu popanda mlandu. Mukawatambasula mpaka kulowa m'minda ya eni, pempho lanu lidzakanidwa. N'chifukwa chake anthu ambiri amafuna thandizo la akatswiri ovomerezeka ndi IPI polemba gawoli.

Pempho likalandiridwa, tsiku limenelo ndiye lanu. Kuyambira pamenepo mukhoza kuyankhula pa wailesi mtima uli m'malo. Pakatha miyezi 18 pempholo limasindikizidwa kuti aliyense alione. Koma dziwani kuti pali ndalama zolipira popereka, ndiponso zolipira chaka ndi chaka. Mukasiya kulipira, patenti imafa.

Tsono ife tili kumalire, ndiye mvetserani ichi. Patenti imagwira ntchito m'dziko lokhalo limene inaperekedwa. Ya ku Mozambique singaletse wowotcherera wa ku Katete, ku Chipata kapena ku Mchinji kupanga makina anu ndi kuwagulitsa kwawoko. Chimene ingaletse ndi kuwalowetsa kuno. Pofuna kuchepetsa vutoli, mayiko a mu Africa anakhazikitsa bungwe la ARIPO, kudzera m'pangano limene linasainidwa ku Lusaka mu 1976. Likulu lake lili ku Harare, ndipo lili ndi mayiko oposa 20. Pansi pa pangano lina la ku Harare la mu 1982, limene dziko lathu linalowamo mu 2000, munthu amalemba pempho limodzi, m'Chingerezi, n'kutchula mayiko amene akufuna: Mozambique, Malawi, Zambia, Zimbabwe ndi ena. South Africa simembala, kumeneko n'kupempha padera. Mwina simudziwa kuti amene anatsogolera ARIPO kuyambira 2013 mpaka 2020 ndi mwana wa dziko lino, a Fernando dos Santos, amene kale anali mkulu wa IPI. Palinso pangano lakale la ku Paris la mu 1883, limene limati mukapereka pempho kuno, muli ndi miyezi 12 yoti mukapereke m'mayiko ena popanda kutaya tsiku lanu loyamba lija.

Ndinene chilungamo, amayi ndi abambo. Patenti si ndalama. Ndi chikalata chokupatsani mphamvu yoletsa ena, basi. Wina akaba luso lanu, ndinu mwini wake amene muyenera kuona, kukadandaula ndi kutsatira mlanduwo. Kwa mmisiri amene amagulitsa makina asanu pa chaka, ndalama zolembetsera ndi zolipira chaka ndi chaka zikhoza kuposa phindu lake. Patenti imapindula kwambiri pamene chinthucho chingapangidwe chambiri, kapena pamene pali kampani imene ingafune kugula chilolezo kwa inu.

Ndipo pali njira ina yolemekezeka imene tonse timamwa madzi ake. Mijigo yambiri ya m'midzi yathu ndi ya mtundu wa Afridev. Ntchito yokonza mjigo umenewu inayambira ku Malawi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ku Livulezi m'boma la Ntcheu, pansi pa dzina loti Maldev, kenako inapitirira ku Kenya kuyambira 1983. Amene anaukonza anasiya zojambula zake poyera kuti fakitale iliyonse ipange, bola itsate miyeso yake. Mjigowu umakoka madzi mpaka mamita 45, ndipo komiti ya pamudzi ikhoza kutulutsa ndodo zake ndi kusintha marabala popanda kuzula mapaipi. Poti miyeso ndi imodzi, chipangizo chochokera ku fakitale ina chimalowa pa mjigo wa fakitale ina. Ku Zimbabwe nakonso, a Peter Morgan atakonza mjigo wa Bush Pump wa mtundu wa B mu 1987, sanautengere patenti.

Ndiye njira zilipo ziwiri: kulembetsa, kapena kupereka kwa anthu onse mwaufulu. Zonse ndi zabwino. Choipa n'choti mmisiri ataye luso lake asanasankhe, chifukwa choti ife tinamuika maikolofoni pakamwa iye osadziwa zimene akutaya. Wosankha akhale mwini wake.

Pali phindu linanso limene sitilitchula kawirikawiri. Paja ndanena kuti wopempha patenti amaulula zonse. Zikalata zimenezi zilipo mamiliyoni, ndi zojambula zake, ndipo zimawerengedwa kwaulere pa intaneti, pa Patentscope ya bungwe la WIPO ndi pa Espacenet. Patenti imene zaka zake zinatha ndi ya aliyense. Imene sinalembetsedwe kuti igwire ntchito m'dziko lathu ilibe mphamvu kuno. M'menemo muli makina otongolera chimanga, opopera madzi, oumitsira mbewu, amene mmisiri wathu akhoza kuphunzirapo osalakwira munthu. Kufufuza komweko n'kumene kungamuuze msanga ngati chinthu chake chilipo kale, asanaononge ndalama pachabe. Achinyamata amene muli ndi mafoni ndipo mumatha Chipwitikizi ndi Chingerezi, ntchito yanu ndi imeneyi. Khalani pansi ndi amisiri athu, muwaonetse zojambulazo.

Tsono ndikupempha kuti makalabu onse tigwirizane pa mfundo zinayi.

Yoyamba, tisanajambule mawu a mmisiri aliyense, timufunse kuti: Kodi pa makina anuwa pali chimene munaganiza nokha, chimene simunachione kwina? Akati chilipo, timuuze zimene tamva lero, ndipo timupatse nthawi yoganiza.

Yachiwiri, ngati akufuna kulembetsa, tijambule zimene makinawo amachita, osati mmene amachitira. Anene kuti amaswa ndowa zingati pa ola, amayendetsedwa ndi manja kapena injini, amathetsa vuto lanji. Za m'kati zidikire kaye. Zithunzi za m'kati nazonso tisatumize m'magulu a pafoni.

Yachitatu, tilimbikitse amisiri kukhala ndi kope lolembamo zojambula, miyeso ndi masiku. Kopelo si patenti ndipo silipereka umwini. Koma limathandiza polemba pempho, ndiponso limakhala umboni wina akatenga luso lanu n'kumati ndi lake.

Yachinayi, komiti ilembe kalata kudzera ku ofesi ya SDAE ya boma lathu la Chifunde, yopempha kuti atilumikize ndi a IPI, atiuze mitengo ya panopa ndi kumene munthu wa ku Tete angapereke pempho. Tikalandira yankho, tidzaliwerenge pa wailesi m'chinenero chathu. Safunsa anadya phula.

Pologalamu ya amisiri iyambe ndithu, tisaope. Amisiri ambiri adzatiuza kuti, ulutsani zonse, ndikufuna anzanga aphunzire. Amenewo tidzawathokoza ndipo tidzaulutsa. Koma akapezeka mmodzi yekha wonena kuti dikirani kaye, tidzamudikire.

Mafunso alipo, ndaona manja. A Tcheyamani atipatsa mpata tikatha kupuma.