Udindo wa Mpingo pa Vuto la Kudzipha ndi Magulu Oipa a pa Intaneti

Mau amene analankhulidwa kwa abusa ndi nthumwi pa msonkhano wa ku Silverton, Pretoria

Nkhani imene mwandipatsa ndi yolemera, ndipo kwathu siikambidwa pagulu. Timainong'ona kuseri kwa nyumba ya siwa, kenaka nkubalalika. Koma popeza maliro otere ayamba kutipeza kawirikawiri, kuno ku Tshwane ndiponso kumudzi, nkoyenera kuti ife amene tinapatsidwa nkhosa kuti tiziwete tiikambe poyera ndi mosamala.

1. Kumene nkhaniyi yatipeza

Sitinayambe lero ife a Malawi kubwera m'dziko lino. Makolo athu anabwera ndi Wenela kudzagwira ntchito m'migodi ya ku Joni, kufikira chaka cha 1974 pamene ndege inagwa ku Francistown nkupha anthu athu 74, ndipo boma linaimitsa kulemba anthu a kumigodi. Iwo anaona zowawa zambiri, komabe ankagona m'komboni imodzi, nadyera pamodzi, ndipo wina akafooka anzake ankadziwa tsiku lomwelo.

Mdzukulu wao amene lero akhala ku Mamelodi kapena ku Nellmapius, nayenda m'mawa uliwonse kudzasamala maluwa kapena kukonza magalimoto kuno ku Silverton, nthawi zambiri agona yekha m'kachipinda ka lendi. Mwina mapepala ake anatha. Ngongole ya ulendo sanabweze. Kumudzi akudikira ndalama za feteleza ndi za fizi. Ndiponso mantha a zipolowe, monga zija za 2008 zimene zinapha anthu 62, sanachoke mumtima. Usiku tulo tikakana, mnzake amene ali pafupi ndiye foni.

Chaka china mkulu wa mpingo anandidzutsa pakati pa usiku kuti tithamangire kuchipatala, kumene anagonekedwa mnyamata wa m'kwaya yathu amene anayesa kuchotsa moyo wake. Mwa chisomo anapulumuka. Atapezako bwino anandionetsa gulu la pa foni limene anakhalamo miyezi ingapo, la anthu osadziwana maina, okamba za imfa usiku wonse. Nditamfunsa chifukwa chake sanabwere kwa ine, anati: "Abusa, kutchalitchi mumandifunsa ngati ndibwera ku kwaya. Ajawa amandifunsa m'mene ndagonera." Mau amenewo anandilasa, ndipo ndiwo maziko a zonse zimene ndinene.

2. Kukula kwa vutoli

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la WHO, linena kuti anthu oposa 700,000 amadzipha chaka chilichonse, ndipo pafupifupi atatu mwa anai alionse ali m'maiko osauka ndi opeza pang'ono monga athu. M'chaka cha 2021 kudzipha kunali pa nambala 3 mwa zinthu zimene zinapha achinyamata a zaka 15 mpaka 29. Ku Malawi apolisi analengeza kuti kuyambira Januwale mpaka Ogasiti 2020 anthu 182 anadzipha, pamene m'miyezi yomweyo ya 2019 anali 116, ndipo oposa 9 mwa 10 alionse anali amuna. Ichi chitikumbutse kuti chiphunzitso chathu chakuti mwamuna salira chili ndi mtengo wake. Akulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Munthu safika pa maganizo amenewa chifukwa cha chinthu chimodzi. Kawirikawiri pamakhala matenda a maganizo, amene ali matenda enieni monga shuga kapena malungo. Pamwamba pake padza ngongole, kutha kwa banja, mowa, manyazi kapena kusungulumwa. Intaneti payokha siibala zonsezi. Chimene ichita ndicho kupeza munthu amene wavulala kale nkumamkanda pachilonda.

3. M'mene magulu amenewa amagwirira munthu

Poyamba amlandira. Munthu amene sanamvedwe kwao apeza anthu omumvera nthawi iliyonse, osamdzudzula. Chachiwiri, amlekanitsa ndi ake, namuuza kuti makolo, abusa ndi madokotala sangamvetse, ndi kuti asaulule kanthu. Chachitatu, amzoloweretsa imfa: chimene poyamba chinamuopsa chisanduka nkhani ya masiku onse, ndipo amene adzivulaza kwambiri ndiye atamandidwa. Potsiriza ena ampatsa malangizo ndi kumfulumiza. M'mwezi wa Disembala 2021 nyuzipepala ya New York Times inafufuza malo amodzi otere a pa intaneti, nipeza anthu osachepera 45 a m'maiko osiyanasiyana amene anafa atalowa m'menemo. Dzina la malowo sinditchula, ndipo ndipempha kuti inunso musamatchule maina otere pa gome.

Palinso choopsa china chimene sichifuna gulu. Makina a makampani akulu amawerengera chimene munthu wachedwapo kuyang'ana, namtumizira zina zofanana nacho kuti asachoke. Wachisoni akayang'ana chithunzi chimodzi cha chisoni, mawa alandira makumi. Ku London mtsikana wa zaka 14, Molly Russell, anamwalira mu 2017. Bwalo lofufuza za imfa yake linamva kuti m'miyezi 6 yotsiriza anaona pa Instagram zinthu zokwana 2,100 zokhudza kukhumudwa, kudzivulaza ndi kudzipha, ndipo mu Seputembala 2022 woweruza, Andrew Walker, anagamula kuti zimene anaonazo zinathandizira imfa yake. Makolo ake sanadziwe kanthu kufikira iye atapita. Chaka chotsatira, 2023, dziko la Britain linakhazikitsa lamulo lokakamiza makampani kuteteza ana ku zinthu zotere.

Tisaganize kuti izi nza kutsidya kwa nyanja kokha. Mu Epulo 2021 ku Limpopo mtsikana wa sukulu wa zaka 15 anamenyedwa ndi mnzake ena akuonerera, wina najambula, ndipo kanemayo atafalikira dziko lonse mwanayo anachotsa moyo wake. Ambiri amene anatumiza kanema ameneyo kwa anzao sanali achifwamba. Anali anthu wamba monga akhristu athu a m'magulu a WhatsApp.

Tidziwenso kuti kudzipha kumapatsirana kupyolera m'kakambidwe kake. Katswiri wina wa ku America, David Phillips, anaonetsa mu 1974 kuti nyuzipepala zikalengeza kwambiri imfa yotere, m'masabata otsatira chiwerengero chimakwera. Ofufuza a ku Vienna anaonetsanso mu 2010 mbali ina yokondweretsa: nkhani za anthu amene anafika pamapeto koma napeza thandizo zimachepetsa imfa. Motero chimene tinena pa maliro, ndi chimene titumiza pa foni, chikhoza kupha kapena kupulumutsa.

4. Pamene ife talephera

Abale, tisaloze chala makampani okha. Kwa zaka mazana ambiri mpingo unakaniza mwambo wa maliro kwa odzipha, ndipo ambiri a ife taonapo banja likuika mwana wao mofulumira, popanda nyimbo, anthu akulozerana ndi milomo. Tinakuliranso pansi pa lamulo lochokera kwa atsamunda, ndime 229 ya malamulo a milandu a ku Malawi, limene linayesa woyesa kudzipha wopalamula. Cholinga chinali kuopseza kuti anthu aleke, koma chipatso chake chinali chakuti ovutika anaphunzira kubisa. Dziko la Ghana linachotsa lamulo lotere mu 2023. Kuno ku South Africa bwalo lalikulu la apilo linanena kale mu 1970, pa mlandu wa Grotjohn, kuti kuyesa kudzipha si mlandu, koma wolimbikitsa kapena wothandiza mnzake kutero akhoza kuimbidwa mlandu wakupha. Anthu athu ambiri sadziwa ichi, ndipo aopa kupita kuchipatala poganiza kuti akamangidwa.

Sitisiya kuphunzitsa kuti moyo uli wa Mulungu. Koma tiyang'ane m'mene Iye anachitira ndi Eliya pamene mneneriyo anathawira kuchipululu napempha imfa. Sanayambe ndi chidzudzulo; anampatsa tulo, chakudya ndi madzi, pambuyo pake anamumvera, nammuuza kuti sali yekha, nampatsa Elisa. Tikumbukirenso mdindo wa ndende ya ku Filipi, amene anapulumuka chifukwa Paulo anafuula pa nthawi yake, namtsimikizira kuti onse analipo. Mpingo umene ufika ndi chilango chokha wasiyira magulu a usiku ntchito ya chifundo, ndipo iwo aichita monyenga.

5. Zimene ndipempha Sinodi

Choyamba, abusa, akulu, alangizi ndi amai a Chigwirizano aphunzitsidwe zizindikiro: kudzipatula, kusagona, kugawa katundu, kutsanzika kosadziwika bwino, kunena kuti "ndatopa" kapena "ndine mtolo kwa inu", mabala obisika m'manja, ndi bata lodzidzimutsa pambuyo pa chisoni chachitali.

Chachiwiri, tisaope kufunsa molunjika: "Kodi ukuganiza zodzipha?" Ofufuza apeza kuti funsoli silidzala maganizowo mwa munthu, koma limampatsa mpata wotula mtolo. Akavomera, tisamlalikire, tisamlonjeze kusunga chinsinsi, ndiponso tisamsiye yekha.

Chachitatu, tichotse pafupi naye zinthu zimene angadzipweteke nazo, pakuti nthawi yoopsa kwambiri imakhala yaifupi ndipo imapita. Ku Sri Lanka boma litaletsa mankhwala oopsa kwambiri a m'munda, imfa zodzipha zinatsika ndi pafupifupi 70 pa 100 pakati pa 1995 ndi 2015.

Chachinai, pemphero liyende pamodzi ndi chipatala. Timperekeze munthu ku kiliniki kapena ku chipatala cha Mamelodi, kumene angamtumize ku Weskoppies ngati kuli kofunika. Nambala yaulere ya bungwe la SADAG, 0800 567 567, ilembedwe pa khomo la tchalitchi chilichonse. Kumudzi kuli chipatala cha Zomba ndi a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Wozunzidwa pa foni adziwe kuti lamulo la 2011 loteteza anthu ku nkhanza zotere limlola kupempha chitetezo ku khoti la majisitireti.

Chachisanu, nkhani ya foni ilowe m'Chilangizo ndi m'makalasi. Kulanda foni mwaukali kumathamangitsa mwana kukabisala. Kholo likhale naye pansi, lifunse zimene amaona, limthandize kutuluka m'gulu loipa ndi kulineneza. M'magulu a mpingo mukhale lamulo loti zithunzi za mitembo, makalata otsanzika ndi makanema onyazitsa munthu asatumizidwe.

Chachisanu ndi chimodzi, Sinodi iunikenso kachitidwe kathu pa maliro otere. Pa gome tisafotokoze njira imene munthu anafera, tisaitche mpumulo, ndiponso tisagamule mlandu umene uli m'manja mwa Mulungu. Ofedwa ayenderedwe kwa miyezi, pakuti iwonso ali pa ngozi. Lamulungu loyandikana ndi 10 Seputembala, tsiku limene dziko lonse lakhala likukumbukira nkhaniyi kuyambira 2003, lipatulidwe chaka chilichonse.

Potsiriza ndinena kwa inu abusa anzanga: ifenso ndife anthu. Ngati alipo pakati pathu amene wasenza zotere pansi pa kolala, asatuluke pa msonkhano uno osauzako mnzake. Mutu umodzi susenza denga.

Mnyamata uja ali moyo. Anamwa mankhwala, anaonana ndi aphungu, ndipo mkulu wa dera lake anamyendera Lachitatu lililonse kwa chaka chathunthu. Pamene mubwerera ku mipingo yanu, aliyense alembe maina a anyamata ndi atsikana okhala okha m'dera lake, ndipo sabata lino lisathe asanagogode pa khomo limodzi ndi kufunsa m'mene mwini wake wagonera. Ambuye atithandize pa ntchito imeneyi.