Zitsime za Isake

Tsegulani nane Genesis 26. Lero tikamba za madzi.

Isake anali ku Gerari, m'dziko la Afilisti, pafupi ndi chipululu cha Negev. Kumeneko mvula ndi yochepa, ndipo nthawi yachilimwe siigwa n'komwe. Wopanda chitsime ziweto zimamuthera. Tsono Mulungu anadalitsa Isake: zokolola mbwee, nkhosa ndi ng'ombe zinaswana. Afilisti anachita nsanje. Mukudziwa chimene anachita? Anatenga dothi n'kukwirira zitsime zimene anyamata a Abrahamu anakumba. Taganizani abale. M'dziko louma, munthu kukwirira chitsime! Bwenzi atangochilanda n'kumamwa. Koma nsanje imati bola tonse tife ndi ludzu kusiyana n'kuti uyu apindule.

Mfumu Abimeleki inamuuza Isake kuti achoke. Anasamukira kuchigwa, anyamata ake anakumba n'kupeza madzi otumphuka. Abusa a ku Gerari anabwera, akuti madziwo ndi awo. Apa musafulumire kuwaweruza. Nawonso ziweto zawo zinali ndi ludzu. Nthaka inali ya kwawo, thukuta linali la anyamata a Isake. Nanga madziwo ndi a ndani? Chitsime chimenecho Isake anachitcha Eseke, kutanthauza mkangano.

Inu a ku Nsanje ndi ku Chikwawa, Eseke mukumudziwa. Mwezi wa Okutobala dzuwa likuswa mtengo, mjigo umodzi midzi itatu. Amayi mwadzuka tambala asanalire, mwaika ndowa pamzere, wina wafika ndi zigubu zisanu pa njinga n'kudumpha mzere. Mnyamata wabwera ndi ng'ombe, zapondaponda pamjigo, kenako zalowa m'dimba la eni. Wina akuti mjigo uli pa malo a agogo ake, wina akuti ndine ndinasonkha ndalama zokonzera. Mukundimva? Ena mumaimba kwaya imodzi, koma chiyambire tsiku lija la kumjigo simupatsana moni.

Anakumba chachiwiri, anakangananso. Icho anachitcha Sitina, udani. Mwaona mmene zimakulira? Pa Eseke mumalimbirana madzi. Pofika pa Sitina madzi aja mwawaiwala, mukudana ndi munthu ndi ana ake omwe.

Isake anali ndi antchito ambiri, moti Abimeleki yemwe anavomereza kuti wawaposa mphamvu. Akanatha kumenya nkhondo. Sanatero. Anasuntha n'kukumba china, ndipo pamenepo panalibe wokangana naye. Anachitcha Rehoboti, malo otakasuka. Wina anene kuti Amen! Koma Rehoboti sanagwe kuchokera kumwamba ayi. Anthu anagwira makasu.

Alaliki ambiri timathera pa Rehoboti, tikufuula. Ine ndikuti werengani mpaka kumapeto, chifukwa kusamuka kokha sikunathetse udani. Isake ali ku Beereseba, Abimeleki anamutsatira ndi bwenzi lake komanso mkulu wa asilikali ake. Isake sanabise mawu. Anawafunsa maso ndi maso chimene abwerera, pamene ndi iwo omwe anamuda n'kumuthamangitsa. Atatulutsa za kukhosi, anawaphikira chakudya, ndipo m'mawa analumbirirana kuti sadzachitirana choipa. Bambo ake anachitanso chimodzimodzi mu Genesis 21: Abrahamu anapereka ana ankhosa aakazi 7 kwa Abimeleki, ukhale umboni woti chitsime anakumba ndi iye.

Ndiye sabata ino musangopemphera basi. Pitani kwa amfumu, itanani a komiti ya mjigo ndi eni ng'ombe, a mudzi winawo akhalepo. Gwirizanani nthawi yotunga, pomwetsera ziweto pakhale patali ndi mjigo, ndalama zosonkha zilembedwe m'buku anthu akuona. Mayi mudatukwanana nawo aja, yambani ndinu kuwapatsa moni mawa kumjigo.

Isake atangotsanzikana ndi alendo ake, tsiku lomwelo anyamata ake anafika kudzamuuza kuti chitsime chimene ankakumba chatulutsa madzi. Tiyeni tiweramitse mitu, tipemphere.