KODI MPHIRA M'PHULA NDIWO MANKHWALA A MSEWU WA KU FORT LISTER?



Pamsonkhano wapitawo tinagwirizana zolemba kalata yopempha tala wolimba pamsewu wodutsa pampata wa Fort Lister, pakati pa phiri la Mulanje ndi la Michesi, pomwe Angerezi anamanga linga m'chaka cha 1893 pofuna kutseka njira ya ogula akapolo. Ena munamva kuti masiku ano phula amalithira mphira, ndipo poti ine ndimagwira ntchito ya misewu m'boma, munati ndidzafotokoze ngati tiyenera kupempha zimenezo.

Chimene timati tala ndi miyala yoswa ndi mchenga zomatidwa ndi phula. Phulalo n'lochepa, pafupifupi magawo 5 pa 100 aliwonse, ndipo lonse timaitanitsa kunja. Khalidwe lake n'lofanana ndi phula la njuchi: kukatentha limafewa, kukazizira limauma gwa, n'kuyamba kung'aluka. Phula wamba limafewa pa madigiri pafupifupi 50, pamene mu Okutobala pamwamba pa tala pamatentha mpaka 60. Ndiye lole yodzaza nandolo ikamakwera chitunda pang'onopang'ono, matayala amakankha tala wofewayo, msewu n'kuchita makwinya ndi mizere. Mvula ikabwera madzi amakhazikika m'menemo.

Mphira amene tikunena pano si wa mitengo ya ku Vizara ku Nkhata Bay ayi, koma wopanga m'fakitale. Wotchuka kwambiri ndi SBS, amene anayamba kupangidwa m'zaka za m'ma 1960. Amathira magawo 3 mpaka 5 pa magawo 100 a phula lotentha. Mphirayo amamwa mafuta opepuka a m'phulamo, n'kufufuma, n'kulukana ngati ukonde. Zikatero phula silifewa msanga ngakhale kutentha kupyole madigiri 60. Tayala likadinda, limabwerera m'malo ngati mphira wa legeni uja tinkalasira mbalame. Limagwiranso miyala zolimba, ndipo ming'alu imachedwa kutuluka. Njira ina ndi yopera matayala akutha, imene Charles McDonald anaiyambitsa ku Phoenix m'dziko la America m'zaka zomwezo; ku South Africa akhala akuigwiritsa ntchito kuyambira m'ma 1980.

Komatu zabwino sizibwera zokha. Phula lotere n'lokwera mtengo. Limafuna moto wa madigiri 170 mpaka 180, ndipo likakhala m'thanki osalitakasa, mphira amayandama pamwamba ngati mafuta pa ndiwo. Likafika pamsewu litazizira, silitsindirika ngakhale makina adutsepo kangati.

Chachikulu n'ichi, abale anga: mphira amalimbana ndi dzuwa ndi katundu, koma salimbana ndi madzi oyenda pansi. Ine ndinali mwana wa kupulaimale pamene napolo anatsika m'phiri la Michesi mu Malichi 1991, ndipo ndinaona ndi maso anga miyala yoposa nyumba itakhala pamene panali msewu. Namondwe wa Freddy anatikumbutsanso zomwezo mu Malichi 2023. Madzi akakokolola dothi la pansi, tala wa pamwamba amagwa basi, akhale ndi mphira kapena ayi.

Choncho maganizo anga ndi awa. M'kalata yathu tiyambe ndi ngalande zowaka, makalavati akuluakulu, milatho ndi maziko otsindirika bwino. Tikatero tipemphe phula la mphira pazitunda ndi pokhota, pomwe malole amavutitsa msewu. Pachidikha phula wamba n'lokwanira. Pempho lotere akuluakulu oona za ndalama amaliwerenga mpaka kumapeto, chifukwa limaonetsa kuti olembawo akudziwa chimene akufuna.

Amene muli m'komiti yolemba kalatayi, tionane tikatha kudya.