M'mene Nthano Zoseŵera za ku Japan Zinawolokera Nyanja



Aliyense amene wayendako masiku ano pa Chisepo, pa Mponela kapena pa Madisi waonapo timanyumba totchinga ndi nsalu pakhomo, m'mene anyamata amalipira ndalama pang'ono kuti aseŵere mpira wa pa kanema. Makina amene amagwiritsa ntchito kaŵirikaŵiri ndi PlayStation, opangidwa ndi kampani ya Sony ya ku Japan. Dziko limenelo timalidziŵa kale chifukwa cha magalimoto ake amene adzaza m'misewu yathu, ndiponso chifukwa cha achinyamata ake ongodzipereka amene anayamba kubwera kuno m'chaka cha 1971 kudzathandiza m'sukulu ndi m'zipatala. Koma lero ndifuna tikambirane za katundu wina wa ku Japan amene salemera pa sikelo, ndiye nthano.

Pakati pa maseŵera a pa kanema pali mtundu wina umene suli ngati mpira kapena mpikisano wa magalimoto. M'maseŵera ameneŵa munthu amaloŵa m'nthano n'kukhala mwini wake wa ulendo. Amayamba ali mnyamata wopanda mphamvu m'kamudzi kakang'ono, nanyamuka, napeza anzake panjira, nalimbana ndi zilombo. Akapambana nkhondo iliyonse mphamvu zake zimakwera pang'ono, ndipo ndalama zimene wapeza amagulira chida chabwinopo. Nkhondo zake sizilira dzanja lofulumira ai. Mbali ziŵirizo zimamenya mopatsana mpata monga achitira akuluakulu pa bawo, ndiye chofunika ndi kulingalira. Ulendo umodzi utha kudya maola 40 kapena kupitirira. Ife tikamamvera nthano madzulo timangovomera kuti "tili tonse", koma apa womvera ndiye amasankha njira imene kalulu adzere.

Chodabwitsa n'chakuti mbeu ya maseŵera ameneŵa siinachokere ku Japan. M'chaka cha 1974 anthu aŵiri a ku America, Gary Gygax ndi Dave Arneson, anatulutsa seŵero lotchedwa Dungeons & Dragons, limene anthu ankaseŵera atazungulira tebulo, ali ndi mapepala ndi mapensulo, wina akusimba nkhani monga achitira agogo. Pofika 1981 maseŵera a mtundu womwewo, Wizardry ndi Ultima, anali atafika pa kompyuta. Anali ovuta, ofuna munthu wodekha ndi wa ndalama zake, popeza kompyuta inali yodula. Mnyamata wina wa ku Japan wolemba nkhani m'magazini, Yuji Horii, anaŵakonda kwambiri, nayamba kuganiza za m'mene angaŵafeŵetsere kuti ngakhale mwana wa ku pulayimale aŵathe. Anagwirizana ndi katswiri wojambula Akira Toriyama, uja wa zithunzi za Dragon Ball, ndi wopeka nyimbo Koichi Sugiyama, ndipo m'chaka cha 1986 kampani ya Enix inatulutsa Dragon Quest pa makina a m'nyumba a Nintendo. Chaka chotsatira kampani ina, Square, inatulutsa Final Fantasy, motsogozedwa ndi Hironobu Sakaguchi.

Kwao kuja moto unagwira msanga. Pamene gawo lachitatu la Dragon Quest linatuluka pa 10 February 1988, anthu anandanda m'mizere italiitali m'misewu ya Tokyo, ana ambiri anajomba kusukulu, ndipo apolisi anachita kuloŵererapo. Kuchokera pamenepo kampaniyo inkasankha masiku amene sukulu n'zotseka potulutsa magawo atsopano.

Tsidya lina la nyanja zinthu sizinatero. Dragon Quest inafika ku America m'chaka cha 1989 itasinthidwa dzina kukhala Dragon Warrior, koma anthu sanaigule monga ankayembekezera, mpaka a Nintendo anayamba kuipereka ulere kwa olembetsa magazini yawo ya Nintendo Power. Amalonda a ku Japan anaganiza kuti ana a ku America safuna kuŵerenga kapena kuganiza nthaŵi yaitali. Tsono m'chaka cha 1992 a Square anaŵaphikira phala lamadzimadzi, seŵero lofeŵa lotchedwa Final Fantasy Mystic Quest, limene kwao ku Japan analigulitsa ndi dzina loti Final Fantasy USA. Magawo ena sanaŵatumize n'komwe. Gawo lachinayi analitcha lachiŵiri ku America, lachisanu ndi chimodzi nalitcha lachitatu, pofuna kubisa mipata. Anthu a ku Ulaya ndiye sanalandire ngakhale limodzi la magawo oyambirirawo pa nthaŵi yake.

Pano ndifuna ndikhalitsepo pang'ono, chifukwa vuto lenileni linali la chilankhulo, ndipo ife Amalaŵi timalidziŵa bwino. Seŵero la mpira silisoŵa womasulira. Koma seŵero la nthano lili ngati buku lalikulu, ndipo mau ake onse ayenera kutembenuzidwa. Masiku amenewo maseŵera ankasungidwa m'timabokosi tokhala ndi malo ochepa kwambiri. Chijapani chimanena zambiri ndi zilembo zoŵerengeka, pamene Chingerezi chimafuna malo otambasuka, kotero womasulira ankakakamizika kudula ziganizo, kufupikitsa maina, ndi kutaya nthabwala zina. Ted Woolsey, amene anamasulira gawo lachisanu ndi chimodzi la Final Fantasy m'chaka cha 1994, anapatsidwa pafupifupi mwezi umodzi wokha. Pamwamba pa izo nthambi ya Nintendo ya ku America inali ndi malamulo ake: moŵa unkasanduka chakumwa chozizira, mitanda inkafufutidwa, ndipo mau onena za imfa ankapeŵedwa. Nthano imene yachotsedwa imfa ndi mapemphero imafika kwa omvera ili ngati ndiwo zopanda mchere. Amene mwaonerapo mafilimu a ku China kapena ku India omasuliridwa m'Chicheŵa m'timanyumba ta kanema tija mukudziŵa kuti womasulira waluso amatha kudzaza nyumba, pamene wina amaithamangitsa anthu ndi filimu yomweyo.

Zinthu zinatembenuka m'chaka cha 1997, pamene Final Fantasy VII inatuluka, ku Japan mu January, ku America mu September, ndi ku Ulaya mu November. A Square anali atasiyana ndi Nintendo n'kupita kwa Sony, chifukwa makina a PlayStation ankagwiritsa ntchito zimbale za CD, zimene zinkasunga zinthu zochuluka kutalitali kuposa timabokosi tija. Seŵerolo linadzaza zimbale 3. Munali zithunzi zoyenda zonga za m'filimu, ndipo a Sony anathira ndalama zambiri pozionetsa pa wailesi za kanema za ku America, osatchula kwenikweni kuti wogula adzakhala maola ambiri akuŵerenga. Ena amati kumeneko kunali kuchenjera kwa amalonda, ndipo sindikutsutsa. Koma kutsatsa malonda kumangofikitsa munthu pakhomo. Chimene chinaŵakhazika pansi ndi nkhani yake. Inali ya kampani yamphamvu imene inkapopa moyo wa dziko pansi pa nthaka kuti ipange magetsi, anthu osauka akukhala m'zisakasa kunsi kwa mzinda wa olemera. Ndipo nkhani ili m'kati, mtsikana wina wogulitsa maluŵa, Aerith, amene woseŵera anali atayenda naye maola ambiri, anaphedwa, osadzukanso. Ana a ku America ndi ku Ulaya anali atazoloŵera kuti munthu akafa m'seŵero amangoyambiranso. Apa panalibe kuyambiranso, ndipo ambiri amene tsopano ndi abambo ndi amayi a mabanja amakumbukirabe tsiku limene anakhetsa misozi patsogolo pa kanema. Seŵerolo linagulidwa koposa 10 miliyoni. Tikumbukire kuti chaka chimenecho dziko lathu linalibe n'komwe wailesi ya kanema yakeyake. Television Malawi inayamba m'chaka cha 1999.

Chaka chotsatira, 1998, kunafika ku America seŵero lina limene linakopa ana aang'ono ndi atsikana omwe, la Pokémon. Mwini maganizo ake, Satoshi Tajiri, anakulira ku Machida, m'mphepete mwa Tokyo, kumene ali mwana ankakonda kusaka tizilombo m'tchire ndi m'madambo. Atakula anaona malo aja atasanduka misewu ndi nyumba, ndipo anafuna kuti ana a m'tauni alaŵeko chimwemwe chija. Anapanga seŵero la kusaka ndi kuŵeta tinyama 151 tongopeka, limene linatuluka ku Japan m'chaka cha 1996. Munthu sakanatha kutipeza tonse payekha, ankayenera kulumikiza makina ake ndi a mnzake n'kusinthana. Mwana aliyense wa ku Chisepo amene anakumbapo mbeŵa m'chilimwe kapena kutchera ngumbi pa chulu mvula itagwa angamvetse Tajiri msanga kuposa mphunzitsi wa ku London.

Kuyambira pamenepo maseŵera ameneŵa sanakhalenso a anthu oŵerengeka. Square ndi Enix, amene anali opikisana, anaphatikizana m'chaka cha 2003. Nyimbo za Nobuo Uematsu, amene anapekera Final Fantasy, zimaimbidwa ndi magulu akuluakulu a zoimbira m'mizinda ya ku Ulaya ndi ku America. Pa 23 July 2021, potsegulira mpikisano wa Olympics ku Tokyo, othamanga a maiko onse, athu a Malaŵi ali pomwepo, analoŵa m'bwalo motsatana ndi nyimbo za m'maseŵera ameneŵa, kuyambira ndi ya Dragon Quest. Ndipo m'chaka cha 2025 kagulu ka ku Montpellier, m'dziko la France, kanatulutsa Clair Obscur: Expedition 33, eni ake akunena poyera kuti anaphunzira luso lawo ku maseŵera a ku Japan amene anakula nawo. Mbeu inachoka ku America, inakabala ku Japan, tsopano Azungu akukapempha komweko.

Kubwereka kotere si kwachilendo kwa Acheŵa. Gule wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamuika pa m'ndandanda wa chuma cha anthu onse m'chaka cha 2005, ali ndi Simoni ndi Maliya, amene maina awo anadza ndi amishoni, koma akatuluka pa bwalo palibe amene angati ndi a ku Roma. A ku Japan nawo anatenga malupanga, mafumu ndi zinjoka za nthano za Azungu, naziveka nkhope zawo, naikamo zimene zimaŵadetsa nkhaŵa iwo eni: kuwonongeka kwa nthaka, mphamvu zoopsa zimene munthu wazipanga koma sangathe kuziletsa, ndi udindo wa munthu kwa anzake a ulendo.

Makolo ambiri amadandaula kuti ana akutaya ndalama ndi nthaŵi ya sukulu m'timanyumba tija, ndipo dandaulo lawo ndi loona. Mwamva kale kuti ngakhale ku Tokyo apolisi anathamangitsana ndi ana ojomba. Koma monga munthu amene ndinaphunzira za uphunzitsi, chimene chimandidetsa nkhaŵa ine n'china. Mwa maseŵera onse a pa kanema, a nthano ndiwo amakakamiza mwana kuŵerenga, kusunga chuma chake mosamala ndi kupirira kufikira mapeto, koma ndiwo amene sapezeka kaŵirikaŵiri kwathu kuno. Zifukwa zake n'zoonekeratu. Mwini kanyumba amapindula ndi mpira wa mphindi 10, pakuti wina akadzuka wina amakhala, pamene ulendo wa maola 40 umafuna makina akoako ndi magetsi odalirika. Ndipo mwana wa Sitandade 5 pa Chisepo, ngakhale atapatsidwa zonsezo, adzapeza kuti anthu a m'nthanomo akumulankhula m'Chingerezi, m'Chifalansa kapena m'Chijeremani.