Sukulu ya Lachisanu Madzulo mu Mzinda wa Vienna

Anthu ambiri akamva za maphunziro akuya amaganiza za nyumba zikuluzikulu za yunivesite, mphunzitsi ataima kutsogolo, choko chili m'manja. Nkhani ya lero ndi ya sukulu ina imene inalibe belu, mayeso ngakhale satifiketi, koma inasula akatswiri a zachuma amene mabuku awo akuwerengedwabe.

Kuyambira m'chaka cha 1920 kufikira 1934, mu mzinda wa Vienna m'dziko la Austria, kagulu ka anthu ophunzira kwambiri kankasonkhana Lachisanu madzulo, kamodzi pa masabata awiri alionse, mu ofesi ya Ludwig von Mises. Mkuluyu ankagwira ntchito ku bungwe la eni malonda a mumzindawo, ndipo ku yunivesite ankaphunzitsa osalandira malipiro. Kumsonkhanowu munthu sankangolowako. Ankachita kuitanidwa, ndipo ambiri anali atatsiriza kale maphunziro awo apamwamba. Ankayamba 7 koloko. Mmodzi ankapereka maganizo ake, anzake n'kuyamba kuwapeta monga momwe mayi apetera mphale m'lichero. Ikakwana 10 koloko ankapita kukadya ku lesitilanti yotchedwa Ancora Verde, ndipo ouma khosi ankapitiriza mtsutso ku Café Künstler mpaka usiku pakati kutapitirira.

Sikuti ankatsutsana pongofuna kutaya nthawi ai. Dziko lawo linali litagonja pa nkhondo mu 1918, ufumu waukulu uja utaphwasuka. Boma linkasindikiza ndalama zambirimbiri kuti lilipire ngongole zake, kotero kuti m'zaka za 1921 ndi 1922 ndalama ya krone inasanduka mapepala chabe. Nkhalamba zimene zinasunga chuma moyo wawo wonse zinapezeka zili manja lende. Ndalama yatsopano, schilling, inabwera mu 1925.

Funso limene linawasautsa koposa linali ili: kodi boma likatenga mafakitale, migodi ndi minda yonse, lingadziwe bwanji choyenera kupanga? Mises analemba yankho lake mu 1920. Iye anati mtengo wa katundu pamsika uli ngati mthenga. Mlimi akaona kuti mtedza wakwera mtengo pamene thonje latsika, amadziwa chobzala popanda wina kumuuza. Womanga njanji naye, pofuna kusankha kuboola phiri kapena kulizungulira, amawerengera mtengo wa chitsulo, malasha ndi antchito. Koma ngati zonsezi zili ndi mwini mmodzi, palibe kugula kapena kugulitsa, ndiye kuti palibenso mtengo weniweni. Wokonza mapulani amatsala ngati munthu woyenda mumdima, osadziwa ngati akupindula kapena akuwononga.

Alipo amene sanavomereze. Oskar Lange wa ku Poland anayankha mu 1936 kuti boma lingathe kuika mitengo yoyesera, n'kumaikweza kapena kuitsitsa poona katundu amene wasowa ndi amene watsalira m'masitolo. Mwanthabwala, Lange ananenanso kuti Mises anayenera kumangidwira chipilala mu ofesi yokonza mapulani chifukwa chowatsegula maso. Kwa zaka zambiri akatswiri ankati Lange ndiye anapambana. Ambiri anasintha maganizo ataona mizere ya anthu pa masitolo opanda kanthu, ndi kugwa kwa Soviet Union mu 1991.

Chodabwitsa ndi chakuti Mises, munthu wosagonja pa mfundo zake, sanatulutse ophunzira ongobwereza mawu ake. Friedrich Hayek anautengera mtsutsowo kwina, ponena kuti nzeru za chuma zili zomwazika m'mitu ya anthu miyandamiyanda, ndipo palibe ofesi imene ingazisonkhanitse. Oskar Morgenstern anapita kumasamu, amene mphunzitsi wake sankawakhulupirira pa nkhani za chuma. Fritz Machlup anadzasiyana naye pa nkhani ya golide ndi kusinthana ndalama za maiko, mwakuti Mises analeka kulankhula naye kwa zaka zingapo. Apa mpoyenera kunena kuti mkuluyu ankapirira mtsutso wa m'chipinda mwake kuposa wa pabwalo.

Ndale ndizo zinabalalitsa kaguluko. Hayek anapita ku London mu 1931. Mises, amene anali Myuda, anasamukira ku Geneva mu 1934. A Nazi atalowa m'Austria mu Marichi 1938 analanda makalata ndi zolemba zake, ndipo zinadzapezeka ku Moscow patapita zaka zoposa 50. Mu 1940 anafika ku New York ali ndi zaka 58, wopanda ntchito. Kumeneko anayambanso msonkhano wonga uja mu 1948, nauchititsa mpaka 1969, malipiro ake akuchokera kwa anthu akufuna kwabwino osati ku yunivesite.

Mises anamwalira mu Okutobala 1973. Chaka chotsatira Hayek analandira mphoto ya Nobel ya zachuma, ndipo anaigawana ndi Gunnar Myrdal wa ku Sweden, munthu amene ankakhulupirira kuti boma liyenera kutsogolera chuma.