Ana Athu Asaphonye Sikolashipu Chifukwa Chosamva

Ena mwa inu mwachokera ku ntchito ya usiku, choncho sindichulutsa gaga m'diwa.

Tonse muno timatumiza ndalama kumudzi. Fizi, feteleza, maliro, sitizemba. Koma kwathu ku Malawi kuli ana amene anakhoza bwino digiri ku UNIMA, ku MUBAS, ku LUANAR ndi ku Mzuni, akufunitsitsa kupitiriza maphunziro, ndipo akusowa wowauza za masikolashipu nthawi isanathe. Ife tili pafupi ndi mayunivesite a kuno ku Britain, intaneti tili nayo usana ndi usiku. Ntchito imeneyi ndi yathu.

Chevening ndi sikolashipu ya boma la kuno ku Britain, inayamba mu 1983. Imalipira masters ya chaka chimodzi: fizi, tikiti ya ndege ndi ndalama ya pamwezi. Imafuna munthu amene wagwirapo ntchito zaka ziwiri, ndipo akamaliza abwerere kwawo akakhaleko zaka ziwiri. Zobwererazi tiziwauza mosabisa, chifukwa Malawi ikuwafuna anthu amenewa. Mafomu amatsegulidwa mu Ogasiti, ndipo amatsekedwa pasanathe miyezi yambiri. Womva mu Disembala wataya chaka chathunthu.

Ilipo ina imene ndimadandaula kuti ambiri saidziwa: Beit Trust. Imeneyi ndi ya maiko atatu okha, Malawi, Zambia ndi Zimbabwe. Palinso Commonwealth, Rhodes yopita ku Oxford, ndi Mandela Rhodes yophunzirira ku South Africa.

Pamene ana athu amagwa kwambiri ndi polemba za iwo eni. Tinawalera kuti kudzitama ndi mwano. Ndiye fomu ikafunsa za utsogoleri, mtsikana amangolemba kuti ndi wolimbikira ndiponso amakonda dziko lake. Chonsecho ndi yemweyo amene anasonkhanitsa amayi a m'mudzi, nakhazikitsa komiti, mjigo umene unafa kalekale n'kuyambanso kutulutsa madzi. Iye saona kuti imeneyo ndi nkhani yolemba. Muimbireni foni, mumufunse: unachita chiyani iweyo, unali ndi anthu angati, chinasintha n'chiyani? Zimene ayankhezo ndi zimene oweruza akufuna kuwerenga. Koma musamulembere. Akadzafika pa intavyu adzafunsidwa za mawu omwewo, ndipo mawu obwereka amaonekera.

Palinso tindalama timene timaoneka tochepa kwa ife, koma timagwetsa ulesi mwana wosauka: pasipoti, kukatenga zotsatira zake ku yunivesite, mayeso a Chingerezi a IELTS amene mayunivesite ambiri amafuna, bando ya intaneti, thiransipoti yopita ku Lilongwe. Thumba la maliro tili nalo, ndipo latithandiza. Ndikupempha kuti tikhazikitse kathumba kena ka zimenezi.

Muwachenjezenso za akamberembere a pa WhatsApp amene amati tumiza ndalama tikupezere malo. Kufunsira Chevening n'kwaulere, ndipo fomu imadzazidwa pa tsamba lawo lenileni.

A Wapampando, tisanadye nsima ndikupempha anthu odzipereka: amene anaphunzirapo kuno awerenge zolemba za ana, wina mmodzi azitikumbutsa masiku otsekera mafomu. Pepala lili kwa a mlembi. Aliyense alembepo dzina la mwana mmodzi wa kwawo amene amuimbire sabata ino.